Kuonera Mdzukulu pa Mbale ya Rameni

Nkhani yoti mwana wabadwa ndinaimva kuchokera ku Ntcheu. Tangoganizani. Mwana wabadwira ku Indianapolis, ine ndili ku South Bend, Indiana yomweyi, koma uthenga unayamba wawoloka nyanja kukafika kwa achemwali anga kumudzi, kenako n'kubwerera kudzandipeza ine ndili panja, ndikupala sinowo pagalasi la galimoto. Achemwali ankaseka ndi kulira nthawi imodzi. "Wamva iwe? Ndi wamwamuna!" Ndinayankha kuti ndamva, koma ndinali ndisanamve.

Bambo wa khandalo ndi mwana woyamba wa achemwali angawo. Kwathu mwana wa mkulu wako ndi wako, sipafunika kufotokoza, ndipo iye chiyambire kuyankhula amanditchula kuti amayi aang'ono. Atabwera kuno kudzaphunzira anafikira kwa ine. Ankagona pabalaza, ndipo sofa yanga mpaka lero ili ndi chigwa mbali imene ankagoneka msana. Ndine ndinamuphunzitsa kuyendetsa galimoto pamsewu woterera. Ndikaweruka kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito, miyendo ikuwawa, ndinkayamba ndamuphikira ndisanavule nsapato. Sindikudandaula ayi, ndikungonena zimene zinachitika. Anamaliza sukulu, anapeza ntchito pachipatala china chachikulu ku Indianapolis, anakwatira, n'kugula nyumba ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis momwemo. Nyumba imeneyo ndinali ndisanaipondemo. Nthawi zonse pankakhala chifukwa: tikupenta, tikusintha kapeti, mayiyu sakupeza bwino ndi pakatipa.

Mkazi wakeyo, mpongozi wanga, anabadwira konkuno kwa makolo a ku Malawi. Chichewa amamva bwinobwino, koma amayankha m'Chingerezi. Si mwana woipa, ndisaname. Kungoti pachinkhoswe chawo anandipatsa moni ali chiimire, dzanja limodzi, linalo lili pafoni, ndipo ine ndinanena pomwepo kuti mtsikanayu akufunika kumuphunzitsa moni. Ndinanena mokweza, anthu anamva. Amati ndili ndi pakamwa. Mwina ndili napodi, koma moni wake unali wotero basi.

Patapita masiku achemwali anaimbanso, ulendo uno osaseka. Viza anawakaniza, ndipo ankadziwa kuti mdzukulu wawo adzamuona akuyenda kale, ngati adzamuone n'komwe.

"Upite iweyo," anatero. "Ukamunyamule m'malo mwanga. Ukamununkhize pamutu, ukamuone zala, udzandiuze kulemera kwake. Zithunzi akunditumizira, koma chithunzi sichilemera."

Ndinawalonjeza. Ku Amerika konse kuno, wachibale wamkulu wa mnyamatayo ndine ndekha, ndiye ntchito imeneyi inalibe wina woitenga.

Sindinathamange. Mwana amayamba watuluka m'chikuta, mchombo ugwe, mayi ake apezeko mphamvu. Ndinadikira, kenako ndinayamba kufunsa. Sabata ino ayi, kuli kusikelo. Sabata yamawa ayi, ali ndi mashifiti otsatizana. Mwana anakwanitsa miyezi iwiri ine ndikungomuona pazithunzi za pasitetasi ya pafoni ngati anthu ena onse. Tsiku lina foni inalira, ndipo anali mnyamatayo, bambo wa khandalo.

"Amayi aang'ono, Loweruka muli ofu? Mubwere mudzamuone bwana wamng'onoyu. Adiresi ndikutekisitani."

Loweruka limenelo sindinali ofu, koma ndinachonderera mnzanga wa ku Ghana mpaka anavomera kusinthana nane, ndipo ndinapempheratu kuti Lamlungu ndi Lolemba ndisabwerenso. Munthu sukaona khanda n'kubwerera tsiku lomwelo ngati wakasiya katundu. Umagona komweko, m'mawa n'kumusambitsa, kumuwongola timiyendo, kuchapa zofunika kuchapa, kuti mayi ake agoneko tulo ta munthu. Ndinalongedza kachikwama ka zovala. Ndinaphika nkhuku ndi nyemba n'kuika m'kabokosi kosungira zozizira, poti nyumba ya khanda siisowa njala. Ndinatenganso chitenje chatsopano chimene achemwali anatumiza kudzera mwa munthu wa kutchalitchi kwathu, choti mwanayo aziberekedwa nacho.

Msewu wochoka ku South Bend kupita ku Indianapolis ndi wotopetsa, wowongoka, minda yokhayokha mbali zonse, ndipo m'nyengo yozizira mindayo imakhala ziputu za chimanga ndi matope oundana. Tsiku limenelo sunanditopetse. Ndinkaimba nyimbo za kwaya ndekhandekha, mtima uli dyokodyoko. Adiresi ndinangoilowetsa mufoni osaiwerenga, poti ndinkadziwa kale kumene ndikupita. Ndinayamba kudabwa nditaona kuti foni ikundilowetsa m'kati mwenimweni mwa tauni, pakati pa nyumba zitalizitali za maofesi a boma ndi mabasi. Ndinati mwina ndi njira yachidule. Kenako inandiuza kuti ndafika, ndili patsogolo pa chitseko chagalasi chokhala ndi tinsalu tofiira tolendewera pamwamba, pambali pake chithunzi cha mbale yofuka nthunzi.

Ndinamuimbira mnyamatayo. "Mwanawe, adiresi ija walakwitsa. Yandifikitsa paresitilanti."

"Ayi amayi, ndi pomwepo. Tabukitsa tebulo. Mupake mugaraji ili pakonapo, ife tili m'kati kale."

Ndinakhala kaye m'galimoto, injini ikulira. Kwathu mlendo wochokera kutali sumulandirira pamsika. Koma ndinadzilankhula ndekha kuti mayi iwe, usayambe, anawa atopa, alibe mphamvu zophika, tidya kaye kuno kenako tipita kunyumba. Chikwama ndi zakudya ndinazisiya kumpando wakumbuyo, n'kutenga chitenje chokha.

Nditangokankha chitseko, anyamata ophika anakuwa onse pamodzi mawu ena a Chijapani, moti ndinadzidzimuka n'kucheuka kuona ngati kumbuyo kwanga kwagwa chinthu. Kunali kundilonjera. Malowo anali opapatiza, odzaza, nyimbo zili pamwamba, fungo la mafupa owira ndi adyo lili ponseponse. Khitchini inali poyera, miphika ikuluikulu ikubwata anthu akuona. Ana anga anali kumapeto, pamabenchi awiri oyang'anizana, tebulo pakati.

Mnyamatayo anaimirira, kundikumbatira, kundifunsa za ulendo ndi za mawondo anga. Anali atanenepa, ndevu atasunga. Mpongozi anadzuka theka, n'kundimwetulira ndi maso otopa. Ine maso anga anali kale kwina. Kampando konyamuliramo mwana m'galimoto anali atakaika pabenchi la mbali yawo, chakukhoma, mayi ake atakhala chakunja ngati chitseko. Pamwamba pake anali atafunditsa nsalu yotuwa, n'kusiya kampata kakang'ono. Pakampatapo ndinaona kaphazi kovala sokosi yachikasu.

"Wangogona kumene," anatero mnyamatayo. "Akadzuka mumuona bwinobwino. Khalani apa, amayi."

Anandiloza benchi linalo, tsidya la tebulo. Ndinakhala. Ndinavula jekete poti lili ndi zipi yokanda, ndinavulanso wotchi n'kuiponya m'thumba, n'kupaka m'manja mankhwala ophera majeremusi amene ndimayenda nawo chifukwa cha ntchito. Ndinachita zonsezi poyera, kuti aone kuti manja ndi okonzeka. Kupempha ndiye sindinapemphe. Munthu wamkulu sapempha kunyamula mwana wa m'banja mwake. Mayi ake amamutenga, kubwera naye, kuwerama, n'kumuika m'manja mwako. Ukapempha wekha ndiye kuti wavomera kuti ndiwe munthu wapanjira amene wangosirira khanda.

Kunabwera mtsikana woperekera zakudya, wa ndolo pamphuno, waulemu ndithu. Mndandanda wa zakudya ndinauyang'ana koma sindinatolepo kanthu. Mnyamatayo anati, "Ndikuoderani ine, amayi. Tiyambe ndi sushi, kenako rameni ya nkhumba. Malo ano timawakonda kwambiri, ndi pomwe tinkadetera." Ndinati chabwino. Mumtima ndinati kodi ine ndadzera mbiri ya chibwenzi chanu?

Sushi inabwera pathabwa. Tinali timibulu ta mpunga wozizira, tina atatikulunga m'kachinthu kakuda ngati pepala kamene anati ndi ndere za m'nyanja, tina atatigoneka kachidutswa ka nsomba pamwamba. Nsombayo inali yaiwisi, yonyezimira, yosaonako moto. Ine ndinakulira m'nyumba imene nsomba ikapezeka yofiira pafupa ankaibwezera pamoto, wophikayo n'kulandira mawu. Lero ndayenda ulendo wonsewu kuti mwana amene ndinkamukazingira usipa andipatse chakudya cha mphaka, ndipo akundiyang'ana mwachidwi kuti ndiyamikire. Timitengo todyera tinandikana. Ndikati nditole, kambulu n'kuphwasuka. Mpongozi anandionetsa kagwiridwe kake moleza mtima, zala zake zikuvina, koma zanga zinazolowera kutembenuza nkhalamba pabedi, osati zimenezi. Mtsikana uja anandibweretsera foloko osandifunsa.

Pakona pathabwalo panali kanthu kobiriwira, kofewa. Ndinati koma apa ndiye pali chinthu chimene ndikuchidziwa, peyala. Ndinakatapa konse n'kukaponya m'kamwa. Mayo ine! Moto wake sunapite kummero ngati tsabola, unakwera m'mphuno mpaka mu ubongo. Ndinatsokomola, misozi ili chuchuchu, mamina osagwirika. Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira pamimba, akuti, "Ndi wasabi ameneyo, amayi, amangodyako pang'ono!" Inenso ndinaseka, poti zinalidi zoseketsa. Koma pamene ndinkapukuta maso ndinaona dzanja la mpongozi likukoka nsalu ija, kutseka kampata kaja.

"Anti, muli ndi chimfine?" anandifunsa m'Chingerezi. "Kuntchito kwanu kulibe amene akudwala fuluu? Adokotala anatiuza kuti tisamale kwambiri miyezi yoyambayi."

"Ndilibe chimfine," ndinatero. "Ndi chakudya chanuchi."

Kaphazi kaja sindinakaonenso.

Rameni inabwera m'mbale yaikulu yoti n'kusambiramo m'manja. Msuzi wake unali woyera ngati mkaka, wamafuta, m'kati muli zingwezingwe za ufa wa tirigu zopiringizana, tizidutswa tiwiri ta nkhumba, anyezi wamasamba, ndi dzira lodula pakati, chikasu chake chisanalimbe. Ndinalowetsa supuni ndikukonzekera kunyansidwa. Chimene chinandipsetsa mtima n'choti unali wokoma. Unali msuzi woti munthu wauyang'anira tsiku lonse, mafupa mpaka kusungunuka, wotenthetsa m'chifuwa. Ndinkafuna kuti ukhale woipa, kuti ndikhale ndi chifukwa chooneka chokhalira ndwii. Pambali pathu panali bambo wina wovala taye, akukoka zingwezo ndi mlomo, phokoso lake lomveka mpaka pakhomo. Mnyamatayo anati ku Japan ndi ulemu, zimasonyeza kuti chakudya chakoma. Ndinati ndiye miyambo ya ku Japan mukuidziwa bwino. Iye anangopitiriza kudya.

Tinacheza za apa ndi apo. Ndinafunsa ngati mwanayo akuyamwa bwino, ngati akugona, ngati m'mimba simukumuvuta. Mpongozi anayankha zonse momasuka, ndipo pofotokoza za kusamba anati zimenezo sadandaula nazo, poti mayi ake a mpongoziyo amabwera m'mawa uliwonse kuchokera ku Speedway, dera lina la konko, kudzamusambitsa, ali ndi kiyi wawo. Ananena mosaganizira chilichonse, ngati akunena za nyengo. Ndinachita nsanje, ndivomere. Mayi amenewo ndimawadziwa, timakumana pamaliro ndi paukwati, ndi munthu wabwino. Koma mwanayu ali ndi mbali ziwiri, ndipo mbali yathu inali itakhala tsidya la tebulo ikulimbana ndi dzira losapsa.

Ndili pakati pa mbale, nsalu ija inagwedezeka. Kunamveka kamawu kakang'ono, kosasa, kenako kulira kwenikweni. Ndinaika foloko pansi, ndinakankhira mbale kutali, ndinapukuta manja, n'kusendera kumapeto kwa benchi kuti miyendo ikhale poyera. Mpongozi anamasula malamba, n'kumutulutsa. Ndinaona kumbuyo kwa kamutu, tsitsi lambiri lakuda bii, ndi khutu limodzi lopindika pamwamba ngati la malemu bambo athu. Anamugoneka paphewa, anatenga chikwama cha matewera, n'kunena kuti muno muli phokoso, akamuyamwitsira m'galimoto. Anadutsa pafupi nane moti kabulangeti kanandikhudza mkono. Ndinatsala nditakhala kumapeto kwa benchi, manja ali pamiyendo, anthu a patebulo loyandikana ndi lathu akundiyang'ana.

Tinatsala awiri. Apa ndinati tsopano mwanayu ayankhula zakukhosi, kapena anena za dongosolo la madzulo. Anayamba kundifotokozera za mpikisano wa magalimoto wa ku Speedway, kuti mwezi wa Meyi misewu imadzaza, apongozi ake amachita kutsekeredwa panyumba. Anakamba za abwana ake, za mitengo imene akufuna kudzala kuseri kwa nyumba. Ndinamusiya alankhule, kenako ndinamufunsa.

"Kodi kunyumbako n'kutali kuchokera pano?"

"Ayi, pafupi pomwepa. Kungodraiva pang'ono."

Ananena akuyang'ana m'mbale, akusakasaka ndi timitengo chinthu chimene munalibe. Ndinadikira kuti apitirize. Anaitana mtsikana uja n'kupempha madzi.

Mpongozi anabwerako mwana atagonanso, ulendo uno atamumangirira pachifuwa m'chonyamulira cha malamba ndi zomangira zapulasitiki, jekete lake atalitseka pamwamba. Kunkangooneka kachipewa. Ndinatulutsa chitenje n'kumupatsa ndi manja awiri, ndikumuuza kuti chachokera kwa agogo ake a mwanayu ku Ntcheu, n'choberekera. Anachitambasula, anachiyamikira ndi mtima wonse, anati mitundu yake ikugwirizana ndi chipinda cha mwana, achipachika pakhoma. Ndinangoti zikomo. Msuzi wanga unali utazizira, mafuta atayamba kuundana pamwamba, ndipo mtsikana woperekera zakudya uja anandithirira wotsalawo m'kachitini kapulasitiki kuti nditenge.

Tinatuluka. Kunja mphepo inkawomba pakati pa nyumba zitalizitali zija, yolasa m'makutu. Tinaima pambali pa msewu, ndipo mpongozi, akugwedeza mwana pachifuwa, anandiyang'ana n'kundifunsa m'Chingerezi chake chofewa.

"Anti, mukufuna kudzera kunyumba pang'ono? Kapena mukufuna munyamuke kusanade?"

Ndinayankha mmene munthu aliyense woleredwa amayankhira. "Ayi mwanangu, ndisakuvutitseni. Mwatopa ndi mwanayu."

Aliyense wa kwathu akudziwa kuti mawu amenewa si yankho. Ndi poyambira chabe. Mlendo amakana kaye kuti asaoneke ngati anabwera ndi njala, ndipo mwininyumba amakana kukanako. Amati zimenezo ndiye ayi, mungabwerere panjira ngati tayambana? Iwe umakananso, koma mofooka. Iye amalanda chikwama chako n'kuyamba kuyenda nacho, iwe n'kumutsatira ukudandaula mokondwa. Umo ndi mmene munthu amadziwira kuti akufunidwadi, osati angomuitana pochotsa manyazi. Mnyamata ameneyu amazidziwa zimenezi kuposa ine. Ali kwanga ku South Bend, alendo akati akupita chakudya chili pamoto, iye ndi amene ankawabisira nsapato.

"Oke anti, ndiye ulendo wina," anatero mpongozi. Anamwetulira, n'kundigwira pamkono. Munalibe chinyengo m'maso mwake. Anafunsa, ndinayankha, anandikhulupirira, poti kuno ayi ndi ayi. Iyeyo ndilibe naye mlandu.

Ndinatembenukira kwa mwana wa achemwali anga. Anali pambali panga penipeni. Ndinamuyang'ana kumaso, ndikudikira kuti aseke, anene kuti iwe, amayi akatero sakutanthauza zimenezo, tiyeni amayi, mutitsatire pambuyo. Mawu ochepa okha, nkhani ikanatha. Iye anali akuyang'ana makiyi a galimoto m'dzanja lake, akuwatembenuza. Anakweza maso, anakumana ndi anga, n'kuwabwezanso pamakiyi. Basi inadutsa, ndipo tinadikira kuti phokoso lake lithe. Litatha, iye anali akutembenuzabe makiyi aja.

Ndikanatha kubweza mawu anga. Ndikanatha kunena kuti pepani ana inu, ndimangonena, ndikufuna kubwera. Pakamwa ndili napo, paja amatero. Koma kudziitanira wekha m'nyumba ya mwana amene wamva kukana kwako n'kukulandira ndi manja awiri, zimenezo zinandikanika.

Ndiye taonani ulemu wake. Anauza mkazi wake kuti akalowe m'galimoto kukuzizira, iye andiperekeze. Anandinyamulira kachitini ka msuzi kaja mpaka mugaraji, akuyenda kumbali ya msewu kuti magalimoto asandiwaze madzi. Titafika ananditsegulira chitseko. Powerama kuti aike kachitiniko, anaona chikwama changa cha zovala kumpando wakumbuyo, ndi kabokosi ka zakudya pambali pake. Anaziona, ndinamuona akuziona. Anaweramuka, anandigwira dzanja ndi manja awiri, bondo atapinda pang'ono monga ndinkamuonera akuchitira akuluakulu kumudzi.

"Muyende bwino, amayi aang'ono. Mwatichitira ulemu kwambiri. Mukafika mundiuze."

Palibe chimene anaiwala mwana ameneyu. Mwambo wonse anali nawo, kuyambira moni mpaka kuperekeza. Anangosankhapo zoti agwiritse ntchito. Akanakhala kuti wasanduka mzungu ndikanamumvera chisoni, ndikanati dziko lamudya. Koma anagwiritsa ntchito ulemu wanga womwe kunditsekera chitseko, mwakachetechete, mkazi wake osadziwa n'komwe kuti pachitika kanthu.

Pobwerera sindinaimbe nyimbo. Ndinkayankhula ndekha, kumukalipira, kumukumbutsa zinthu, kuyankha mayankho ake amene sanapereke. Ndili cha ku Kokomo foni inayamba kulira, achemwali. Sindinayankhe. Inaliranso, ndinaitembenuza chafufumimba pampando. Nditafika kunyumba ndinalowetsa chikwama, n'kubwezera zovala m'malo mwake chimodzichimodzi. Nkhuku ndi nyemba ndinapatsa banja la pakhomo loyandikana ndi langa. Sindinamuuze mnyamatayo kuti ndafika, ndipo iyenso sanafunse.

Lamlungu sindinapite kutchalitchi, poti amayi a kumeneko ankadziwa za ulendowu ndipo akanandizungulira kuti ndiwaonetse zithunzi. Ndinali ndi masiku awiri amene ndinachita kupempha, opanda chochita nawo. Cha m'mamawa foni inaliranso. Ndinadziwa kuti sindingathawe mpaka kalekale.

"Iwe, dzulo lonse osayankha! Ndinadziwa kuti manja ali otanganidwa," anatero achemwali, akuseka. "Ali pafupi? Tandiuza, ngolemera?"

"Sindinamunyamule, achemwali."

"Ukuti chiyani?"

Ndinawafotokozera zonse, za resitilanti, za nsalu, za kukayamwitsira m'galimoto. Ndinawauza za khutu lija, kuti ndi la bambo athu, poti ndi chokhacho chimene ndinali nacho chowapatsa. Anamvetsera osandidula. Nditafika poti mpongozi anandifunsa zodzera kunyumba, mawu awo anatsitsimuka.

"Eya, ndiye unakana kaye, n'zoona. Kenako?"

"Kenako basi."

"Sanakufunsenso?"

"Ayi."

"Mtsikanayo ndi wakonko, sangadziwe," anatero pang'onopang'ono. "Nanga iyeyo anali kuti? Anali atapita kukatenga galimoto eti?"

Ndinamva mmene anafunsira. Ankandipatsa njira yoti ndimupulumutsire mwana wawo, ndipo ndikanangoti eya, akanagona bwino. Ndinatseka maso.

"Anali pomwepo, achemwali. Phewa lake likukhudza langa."

Ndinkamva wailesi ya anthu ena chapatali ndi mwana akuitana mnzake. Ndinaganiza kuti netiweki yadula, ndinayang'ana foni, inali ikuwerengabe. Achemwali anga ndi munthu wouma mutu. Tili ana ankandimenya n'kundiuza kuti ndine ndalakwa, ndipo chibadwire changa sindinawamvepo akupepesa munthu, ngakhale malemu amuna awo. Atayankhulanso, mawu awo anali aang'ono, a munthu wokalamba.

"Pepa, mng'ono wanga," anatero. "Ndinakutuma ndine. Ndimayesa ndinalera munthu."

Zonse zija ndikanazimeza, benchi lija, nsomba yaiwisi, ulendo wopita pachabe. Koma kuti mayi ake a mnyamatayo, ali ku Ntcheu, asanamugwireko n'komwe mdzukulu wawo, achite kundipepesa ine chifukwa cha iye, chimenecho sindinamukhululukire mpaka lero.